Msewu Umene Odwala Anali Kubwererapo Kwao

Msewu wa Great East Road, wocokera mu Lusaka kupita ku Chipata, ambiri a ife tiudziwa monga msewu wa kumudzi. Ndiwo umatifikitsa kwathu pa Khrisimasi, ndiwonso umabweretsa nshawa, mbuzi ndi nthoci m'misika ya m'tauni. Koma amene anali atakula kale m'zaka za m'ma 1990 akumbukira kuti msewu womwewu unali ndi nchito ina yomvetsa cisoni. Munthu akadwala nthawi yaitali mu Lusaka kapena ku migodi, nchito itatha ndipo ndalama zitathera m'zipatala, abale anali kumkweza basi atamfunditsa bulangete, kuti akafere m'manja mwa amai ake. Midzi ya kum'mawa inatumiza ana ake kutauni ali amphamvu, niwalandira ali mafupa okhaokha.

Tinanyamuka kuyenda pa msewu umenewu makilomita pafupifupi 500 kufika ku Katete, kuti tione zimene dziko lathu ndi anthu a m'midzi anacita pa mliri wa Edzi, ndiponso zimene zatsalako lero.

Tisanatuluke mu Lusaka

Wodwala Edzi woyamba m'Zambia anadziwika m'caka ca 1984. Zaka zoyambazo anthu sanali kuchula dzina la matendawa. Ena anali kunena kuti ndi kaliwondewonde, ena mdulo, ena ufiti wa acibale ansanje, ndipo pamaliro mwambo unali wongonena kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Amene anayamba kung'amba nsalu ya cinsinsi imeneyi ndi mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, pamene analengeza mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Mu 1988 mipingo ya cikhristu ya m'dziko muno, pamodzi ndi maepiskopi athu, inalemba kalata imodzi yocenjeza ndi yolimbikitsa akhristu kusamala odwala. Mu 1989 wansembe wa cipani ca Jesuit, Bambo Michael Kelly, anayambitsa bungwe la Kara Counselling lopereka uphungu kwa opezeka ndi kacirombo. Ndipo mu 1990 mnyamata wina, Winstone Zulu, anaima poyera nanena kuti ali ndi HIV, cinthu cimene panalibe Mzambia anacicitapo. Anakhala ndi moyo kufikira 2011, akuyenda maiko ambiri kulankhulira odwala Edzi ndi cifuwa ca TB.

Kafukufuku wa boma wa 2001 ndi 2002 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kufika 49, pafupifupi 16 anali ndi kacirombo. Mu 2002 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la National AIDS Council, ndipo caka comweco boma linayamba kupereka mankhwala a ARV pa zipatala ziwiri zokha, UTH mu Lusaka ndi cipatala cacikulu ca ku Ndola. Mu 2005 mankhwalawa anakhala aulere m'zipatala za boma. Werengani bwino zaka zimenezi: kucokera 1984 kufika 2005 panapita zaka zoposa makumi awiri, ndipo nthawi yonseyo munthu wosauka analibe mankhwala oletsa kacirombo. Funso limene tinanyamula potuluka mu mzinda linali lakuti, nanga anali kusamala odwala ndani?

Mapiri a Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa

Mukapitirira Chongwe minda imacepa, msewu nuyamba kukhotakhota m'mapiri okutidwa ndi mitengo. M'mbali mwake muli matumba a makala oimikidwa ngati asilikali, ndi ana ogulitsa masuku nyengo yake ikafika. M'dera la Rufunsa muli njira yopatukira ku Mpanshya, kumene kuli cipatala ca Katolika ca Luka Woyera. Zipatala zotere za mishoni, zomangidwa kutali ndi matauni, ndizo zinalandira katundu wolemera wa mliriwu. Mabedi anadzaza, odwala ena nagona pansi, ndipo madokotala anaona kuti munthu amene wacira cifuwa lero adzabweranso mwezi wamawa ndi kutsegula m'mimba.

Yankho linacokera kumwera, pa cipatala ca Salvation Army ca ku Chikankata kufupi ndi Mazabuka. Mu 1987 anchito a kumeneko anaganiza zotsata odwala kumidzi kwao, monga anali kucitira kale ndi odwala khate, m'malo mowasunga m'cipatala. Anali kupita ndi mankhwala ocepetsa ululu, kuphunzitsa abale kasamalidwe ka wodwala, ndi kukhala pansi ndi mafumu kukambirana za miyambo imene inali kufalitsa matenda. Njira imeneyi ya kusamalira odwala kunyumba inafalikira m'dziko lonse, ndipo madayosizi athu anaitenga naiika m'manja mwa maparishi ndi mabungwe ang'onoang'ono a cikhristu.

Pa mlatho wa Luangwa basi iliyonse imaima. Kumatentha kwambiri pamenepa, ndipo msika wake ndi wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa zolukidwa mwaluso. Usiku malole aatali amandandalika m'mbali mwa msewu, oyendetsa ake atasiya mabanja ao masabata angapo. Si bwino kuloza cala anthu amenewa okha, pakuti kacirombo kanayenda ndi aphunzitsi, asilikali, amalonda ndi anchito a m'maofesi omwe. Koma malo ogona apaulendo amationetsa poyera cimene cimadyetsa mliriwu: mwamuna ali ndi ndalama m'thumba kutali ndi kwao, ndi mtsikana amene kwao kulibe ufa. Pamene umphawi ndi kusungulumwa zikumana, ulaliki wokha sukwanira.

Kuoloka mtsinje ndiye kuti mwalowa m'cigawo ca Kum'mawa. Ku Nyimba amai amathamangira basi ndi mikoko ya nthoci pamutu. Kufupi ndi Petauke kuli cipatala ca mishoni ya Minga, ndipo cakumwera kwa Sinda kuli ca Nyanje, ca mpingo wa Reformed. Zipatala za mipingo yosiyanasiyana zimagwirizana m'bungwe la Churches Health Association of Zambia, limene linayamba mu 1970. Pa nkhani ya matenda mipingo ya m'dziko muno inaphunzira msanga kuti mutu umodzi susenza denga.

Katete

Cipatala ca St Francis ciri pang'ono kunja kwa boma la Katete, m'munsi mwa mapiri, pakati pa mitengo ikuluikulu ya mthunzi. Cinayambidwa ndi a Anglican mu 1948, ndipo tsopano amaciyendetsa pamodzi ndi dayosizi ya Katolika ya Chipata. Nyumba zake ndi za njerwa zofiira, zolumikizidwa ndi makonde aatali, ndipo kunja kwa mpanda kuli abale a odwala akuphika nsima pa mafuwa. Pa Katete pomwepa pali mphambano ya msewu wopita ku Chanida, malire a dziko la Mozambique, kotero odwala ena amacokera kutsidya.

M'mawa tinaona mzere wa anthu odzatenga ma ARV. Munthu amene anaona zipatala zathu mu 1995 sangakhulupirire kuti awa ndi odwala matenda omwe aja. Ndi alimi a mapewa olimba, amai obereka ana kumbuyo, anyamata a sukulu atanyamula mabuku. Ambiri amamwa mbulu umodzi pa tsiku, ndipo amene akhazikika bwino pa mankhwala amapatsidwa a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Kuyambira 2017 lamulo la boma ndi lakuti aliyense wopezeka ndi kacirombo ayambe mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku wa 2021 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse, 11 ali ndi HIV. Mwa anthu 100 okhala ndi kacirombo, 89 anali kudziwa za mthupi mwao; mwa odziwawo, 98 pa 100 anali pa mankhwala; ndipo mwa omwa mankhwalawo, 96 pa 100 kacirombo kanali katagonja m'magazi mwao.

Kugonja kumeneku kuli ndi tanthauzo lalikulu ku mabanja. Madokotala atsimikiza kuti munthu amene amwa mankhwala mokhulupirika, kufikira kacirombo kasaoneke poyeza magazi, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake. Mai wapakati amene ali pa mankhwala angathe kubereka ndi kuyamwitsa mwana wopanda kacirombo. Mabanja ambiri amene wina ali ndi HIV ndipo wina alibe akukhala pamodzi mwamtendere, akulera ana athanzi. Mau aja a pa guwa olonjeza kukhala pamodzi pa mtendere ndi pa mabvuto apeza cothandizira cimene makolo athu a m'ma 1990 analibe.

Amai a kabuku

Tsiku lotsatira tinatsagana ndi amai atatu osamalira odwala kupita ku mudzi wina kumwera kwa Katete. Onse ndi okalamba tsopano, ndipo wamkulu wao amayenda ndi ndodo. Anayamba nchitoyi ali amai a ana ang'onoang'ono, atasankhidwa ndi bungwe lao la cikhristu, popanda malipiro. Zida zao zinali beseni, sopo, magolovesi akapezeka, mapepala a pulasitiki akasowa, ndi ufa wa phala wocokera m'nkhokwe zao. Anali kusambitsa anthu amene abale ao enieni anali kuopa kuwakhudza, kucapa zofunda, kutsuka zilonda za m'kamwa ndi madzi a mcere, kutembenuza wodwala pa mphasa kuti asatupe mbali imodzi, ndi kuthamangira wansembe nthawi ya kudzoza ikafika. Wodwala akatsirizika, iwo omwewo ndiwo anali kuyang'ana kumene ana amasiye adzagone.

Wamkulu uja anationetsa kabuku kakale ka sukulu, kothimbirira ndi utsi, mmene anali kulemba maina a odwala ake. Pa masamba oyamba pafupifupi dzina lirilonse liri ndi kamtanda pambali. Mukatembenuza kufika zaka zimene mankhwala anafika, timitanda timayamba kucepa, ndipo pa masamba otsiriza pali masiku otengera mankhwala okha. Mbiri yonse ya Edzi m'Zambia tinaiwerenga m'kabuku kameneka bwino koposa m'malipoti a m'maofesi.

Nchito yao lero yasintha, koma siinathe. Tinafika pa khomo lina, amai aja naodira, napatsidwa mphasa, nayamba ndi kufunsa za mvula ndi za ana monga mwa ulemu wa kwathu. Patapita nthawi ndithu m'pamene mmodzi anafunsa mwininyumba, akumuchula kuti acimwene, ngati anapitako kucipatala mwezi uno. Bamboyo anayang'ana pansi. Anali ataleka mankhwala miyezi iwiri, cifukwa anadzimva kuti wacira, ndiponso cifukwa tsiku lotengera linagwa pa nthawi yopalira. Sanamkalipire. Anapangana kuti m'mawa mwake mwana wa mmodzi wa iwo adzamtenga pa njinga.

Apa m'pamene tinamvetsa cinsinsi ca manambala okondweretsa aja. Boma ndi maiko othandiza angathe kufikitsa mankhwala pa shelefu ya kiliniki, koma sangathe kudziwa kuti bambo wakuti waleka kumwa, kapena kuti mai wakuti amabisa botolo lake m'nkhokwe poopa mwamuna wake. Wodziwa zimenezi ndi mnansi amene amafika pa khomo. M'madera ena odwala amapanga timagulu ta anthu asanu ndi mmodzi, nasinthana kupita kukatengera anzao onse mankhwala, njira imene inayambira kutsidya kwa malire, m'cigawo ca Tete, mu 2008. Nzeru yake ndi yomweyo: wodwala asakhale yekha.

Ku Mkaika

Kufupi ndi Katete kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana caka ndi caka kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Nkhondo ya Edzi inafika ndi pa mabwalo a mafumu, pakuti miyambo ina imene makolo anaikhazikitsa ndi colinga cosunga banja inasanduka njira ya imfa. Cokolo cinali coti mkazi wamasiye ndi ana ake asasowe wowasunga, koma ngati malemu anafa ndi Edzi, wolowa cokoloyo anali kutenga kacirombo nakapatsira mkazi wake woyamba. Cimodzimodzi mwambo wa fisi ndi wa kusudzula wamasiye mwa kugona naye. Gawa Undi analetsa miyambo yotereyi pakati pa anthu ake, nadzudzulanso kukwatitsa ana ang'onoang'ono. Mau a mfumu anafika kumene mapepala a boma sakanafika.

Malamulo a dziko nawonso anathandiza. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limagawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Amai osamalira odwala aja analiphunzira lamuloli pamtima, cifukwa nthawi zambiri anaona acibale akunyamula mbale, mabulangete ndi malata omwe, maliro asanaphwe. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga mimba ali pa sukulu amaloledwa kubwerera akabereka, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti munthu wosafika zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira, ngakhale mwa mwambo.

Komabe atsikana ndiwo ali pa ngozi yaikulu kufikira lero. Kafukufuku wa 2021 uja anapeza kacirombo mwa akazi 14 pa 100, pamene mwa amuna anali 8 pa 100, ndipo kusiyana kumeneku kumayamba pa usinkhu wa unamwali, pamene atsikana amanyengedwa ndi amuna aakulu a ndalama. Mai amene ali ndi HIV alinso pa ngozi yoposa anzake ya khansa ya khomo la ciberekero. Kupima kwake n'kosabvuta, anamwino amagwiritsa nchito viniga, ndipo kuyambira 2019 atsikana amalandira katemera woteteza ku kacirombo koyambitsa khansayi. Alangizi a cinamwali ndi a ukwati m'maparishi athu ayenera kudziwa zimenezi monga adziwira mwambo. Pa nkhani ya makondomu Mpingo ndi boma sanagwirizane, pakuti Mpingo unaphunzitsa kudziletsa ndi kukhulupirika m'banja, koma pa kuyezetsa magazi, kumwa mankhwala ndi kuteteza ana, mau ao akhala amodzi.

Mitambo ya kutsogolo

Mbali yaikulu ya ndalama zogulira ma ARV ndi zolipira alangizi a m'makiliniki yakhala ikucokera kunja, makamaka ku America kupyolera m'thumba la PEPFAR limene linayamba mu 2003, ndi ku Global Fund. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo malo ena othandizira odwala anatsekedwa, anchito ambiri nauzidwa kukhala kunyumba. Mu Meyi caka comweco kazembe wa dzikolo mu Lusaka analengeza kuti adzadula madola 50 miliyoni pa caka a thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Nkhani imeneyi iyenera kutipweteka tonse. Wakuba mankhwala a odwala akumba manda a mbale wake, ndipo wogula mankhwala obedwa amgwirira khasu.

Nzeru za madokotala zikupitabe patsogolo. Tsopano kuli jekeseni yoteteza ku HIV yobayidwa kawiri kokha pa caka. Koma caka ca 2025 cinatikumbutsa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Cimene ciri m'manja mwathu, cimene kazembe aliyense sangacidule, ndi miyendo ya akhristu oyendera odwala.

Ndipo apa m'pamene pali nkhawa yathu. Amai atatu aja anatiuza kuti m'gulu lao munali anthu ambiri poyamba. Ena anamwalira, ena akalamba, ndipo acinyamata salowamo, poganiza kuti Edzi inatha. Pamene mabungwe akunja anayamba kulipira ogwira nchito za m'midzi, maparishi ena anapumula nasiya nchitoyi kwa olipidwa. Ndalama zitaphwa, panatsala mpata. Koma odwala alipo: mnyamata wobadwa ndi kacirombo amene amabisa mankhwala ake ku sukulu yogonera komweko, bambo amene amakwera basi kukatengera mankhwala ku boma lina kuti anansi asamuone, ambuya amene analera adzukulu asanu ndi awiri ndipo tsopano alibe wowatungira madzi. Manyazi akali kupha anthu amene kacirombo kakanalephera kuwapha.

Tinabwerera ku Lusaka m'basi yodzaza ndi matumba a nshawa ndi nkhuku zomangidwa miyendo, tikukambirana za maparishi athu. Inu owerenga, pa msonkhano wotsatira wa bungwe lanu, funsani ngati gulu la osamalira odwala likalipo, ndipo ngati lilipo, wamng'ono mwa iwo ali ndi zaka zingati. Pitani kwa amai ndi abambo amene anagwira nchitoyi m'zaka zamdima, muwathokoze akali moyo, ndipo muwapemphe aphunzitse ana anu kaodiridwe ka pa khomo la wodwala. Makolo, yezetsani magazi pamodzi, kuti ana anu aone kuti si cinthu camanyazi. Okonzekera ukwati acite cimodzimodzi asanafike kwa bambo mfumu. Pa 1 Disembala dziko lonse limakumbukira za Edzi, ndipo pa 11 Febuluwale Mpingo umapempherera odwala. Pakati pa masiku awiriwa pali masabata khumi a mvula, pamene njira zimaterera, nchito ya kumunda imacuruka, ndipo ambiri amaphonya tsiku lao la kucipatala. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoyambira.